Msewu Wolondola Madzi

Kum'mawa kwa mzinda wa Las Vegas, m'chipululu cha Mojave momwe kutentha kwa mwezi wa July kumapitirira madigiri 40, kuli nyanja yopangidwa ndi manja a anthu. Inabadwa atatseka mtsinje wa Colorado ndi damu la Hoover m'zaka za m'ma 1930, ndipo anaitcha Lake Mead. Loweruka likafika magalimoto amandandalika akukoka maboti, ana atavala majekete oyandamitsa, akuluakulu atanyamula mbedza ndi nyama yokawotcha, onse akutsetserekera pa msewu wa konkire umene umathera m'madzi, potsitsira boti.

Msewu umenewu sukhala ndi mathero okhazikika. Kuyambira cha m'ma 2000 chilala chakhala chikuphwetsa nyanjayi, ndipo madzi akabwerera m'mbuyo oyang'anira malowa amathira konkire wina, kuwalondola komwe athawira, mpaka madoko ena monga la Echo Bay anachita kutsekedwa. Kodi munthu amene akutsitsa boti lake pa konkire watsopanoyo amadzifunsa chifukwa chake ulendo wa kugombe ukutalika chaka ndi chaka? Kapena amangoyamikira kuti njira ilipobe? Ndikuona kuti anthufe tili ndi luso lalikulu lotalikitsa njira yofikira chinthu chimene chikutithawa, koma kukhala pansi n'kufunsa chimene chikuchithamangitsa kumatilemera, chifukwa yankho lake kawirikawiri limatiloza ife eni.

Umboni suchita kufunafuna. Pamatanthwe ozungulira nyanjayi pali mzere woyera wosonyeza pamene madzi ankalekezera, ndipo woyendetsa boti amaudutsa chapansi, ali kutali nawo ngati munthu woyang'ana denga la tchalitchi. Mu July 2022 nyanjayi inatsala ndi madzi okwana pafupifupi 27 peresenti ya mlingo wake. Pamene madzi ankaphwa m'zaka za chilalazi, zinthu zimene zinamira zinayamba kuonekera. Mudzi wa St. Thomas, umene unakhazikitsidwa mu 1865 n'kumizidwa mu 1938, lero anthu amauyendera wapansi, kuponda pa maziko a nyumba zake. Mu May 2022 panapezeka mtembo wa munthu m'mgolo, ndipo amene anauponyamo ayenera kuti ankakhulupirira kuti madzi sadzaulula. Kodi ndi zingati zimene ifenso tazisungitsa kwa zinthu zimene timaziyesa zamuyaya?

Sindikunena kuti ana ovala majekete oyandamitsa aja alakwa, iyayi. Madzi ambiri a mtsinje wa Colorado amathera kuminda, makamaka kothirira msipu wa ng'ombe, ndipo vutoli linafesedwa kalekale, mu 1922, pamene zigawo zisanu ndi ziwiri za dziko la America zinagawana mtsinjewu powerengera zaka zimene madzi anali ochuluka. Anagawana madzi oposa amene mtsinje umabweretsa. Kulonjeza chimene ulibe pa tsiku limene wakhuta, kodi pali banja kapena boma limene silinagwemo m'mbuna imeneyi? Wolonjezayo amamwalira ali ndi ulemu wake, ngongole n'kutsalira adzukulu.

Nayo Las Vegas yatalikitsa njira yake yolondola madzi. Imatunga m'nyanjayi pafupifupi 90 peresenti ya madzi ake. Mu 2015 mzindawu unamaliza kuboola ngalande yotalika pafupifupi makilomita 5 pansi pa nyanja, kuti uzitunga kuchokera pansi penipeni ngakhale mipope yakale itatsala pamtunda.