KODI MWINI MSONKHO NDANI?

Caka ciri conse, kumapeto kwa mwezi wa August, Acewa a m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mwambo umenewu unalekeka m'masiku a Atsamunda, ndipo unaukitsidwa m'caka ca 1984. Mafumu amadza ndi mitulo yao, natula pamaso pa Gawa, amene dzina lace licokera ku mau akuti kugawa. Wotula mtulo sanena kuti, "Cimanga cangaci cikadyedwe kwa uje." Amakhulupirira wogawayo. Pamenepa pabuka funso lobvuta: kodi munthu wopereka msonkho ayenera kulamula kumene ndarama zace zipite?

Amene abvomera ali ndi zifukwa zomveka. Msonkho wa nyumba unayamba kukhomedwa ku North-Eastern Rhodesia m'caka ca 1901, pansi pa British South Africa Company. Amuna ambiri anasiya minda yao, napita ku Harare ndi ku migodi kukafuna ndarama za msonkho, koma palibe amene anawafunsa cimene anafuna kuti ndaramazo zicite. Msonkho wotere usiyana pang'ono ndi kulanda. Munthu amene wakhetsa thukuta m'munda wa thonje kapena wa nshawa sayenera kungopereka ngati kapolo, ayenera kumvedwa.

Komabe pali cinthu cina cofunika kuciganizira. Munthu ali yense akadaloledwa kutsata khobidi lace, mwini sitoro wa pa Katete, amene apereka zambiri, akadakhala ndi mau akuru koposa mai wamasiye amene msonkho wace ulowa m'mtengo wa sopo ndi nsaru. Wolemerayo akadasankha mseu wopita pakhomo pace. Nanga ndani akadasankha mlatho wa mudzi wakutali umene iye sanauonepo? Ndani akadakumbukira zimbudzi za pa sukulu, kapena mankhwala a matenda amene sanafike m'nyumba mwace? Munthu amaona msanga njala ya m'mimba mwace, koma ya mnzace amaimva mocedwa.

Tsono ndarama ikalowa m'nkhokwe ya dziko, ileka kukhala ya munthu mmodzi, isanduka ya onse. Cifukwa cace ufulu wa wopereka msonkho suli wakulamula gawo lace payekha ai, koma wakukhala pabwalo pamodzi ndi anzace, kumene wosauka ndi wolemera ali ndi liu limodzilimodzi.

Bwalo lotere liyesedwa m'Zambia. M'caka ca 1995 Boma linakhazikitsa thumba la citukuko ca cigawo ciri conse ca phungu wa Nyumba ya Malamulo, lochedwa CDF. M'caka ca 2022 ndarama za thumbali zinakwezedwa kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa cigawo cimodzi, ndipo Mkaika anali cimodzi mwa zigawozo. Colinga cace ndi cakuti anthu a m'midzi, kupyolera m'makomiti a mawodi ao, achule okha cimene asowa: cipinda ca sukulu, citsime, kapena nyumba yocirira amai.

Koma bwalo lopanda anthu silithandiza kanthu. Ngati pamsonkhano pafika anthu asanu okha, abale a wapampando, ndiye kuti ndarama za onse zagwera m'manja mwa owerengeka, monga kale. Apa ndi pamene pali nchito ya mnyamata ndi mtsikana amene watsiriza sukulu. Iye adziwa kuwerenga zolembedwa ndi kuwonkhetsa masamu. Angathe kufunsa mwaulemu kuti matumba a sementi anagulidwa angati, ndipo pakhoma panalowa angati. Akuru anati mutu umodzi susenza denga. Wopereka msonkho amene akana kusenzako denga limenelo, nakhala pakhomo tsiku la msonkhano, wataya yekha liu limene makolo ace a mu 1901 analibe.