Kodi Dzina N'la Yani?

Kuno ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene anakhazikitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni m'chaka cha 1976, ananinkhidwa mfunda wa Chisale angakhale sanabadwe mwa ife, tidziwa kuti dzina lili ngati nsalu imene munthu aipeza itafundidwa kale ndi ena. Komatu mtima wanga suleka kufunsa kuti Namalenga, poitana mkazi, amuitana ndi dzina liti: la bambo wake, la mwamuna wake, kapena lina limene ife sitinalimve?

Pamene Mayi Joyce Banda anakhala mtsogoleri wa dziko mu 2012, atolankhani akunja anafulumira kulongosola kuti iwo sali pa ubale ndi Kamuzu, chonsecho Banda ndi dzina la amuna awo, pakuti eni akewo anabadwira kwa a Mtila. Ndipo ichi, choti mkazi adziwike ndi dzina la mwamuna, chimandiwawa ndithu. Koma chonditonthoza n'chakuti mnzawo wa dzina, Mayi Joyce Mhango Chavula, anajambula kanema wotchedwa Lilongwe, amene anapata mphoto ku Lagos mu 2016, nasimba nkhani ya mkazi ndi pakamwa pa mkazi. Ndikaona atsikana a pa Golomoti ataunjirira foni imodzi madzulo, mitsuko ili pambali, ndimalakalaka ataonera kanemayo, nafunsa amene anamupanga.