Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe

Pa 22 Epulo 1915, pafupi ndi Ypres ku Belgium, asilikali a Germany anatsegula mpweya wa chlorine. Utsi wachikasu wobiriwirako unakwawa pansi n'kutsikira m'maenje momwe munabisala asilikali a France. Analibe chodzitetezera. Ankatsamwa, maso akuwotcha.

Amene anamva nkhaniyi sanadikire. Anayamba kumanga nsalu zonyowa pamphuno, kenako anapanga zigoba zakumaso zosefa mpweya ndi makala. Mu Seputembala chaka chomwecho, ku Loos m'dziko la France, asilikali a Britain atatsegula chlorine wawo, mphepo inawabwezera wina mwa mpweyawo.

Ponena mwambi uli pamwambawu, akuluakulu ankatanthauza kuti tsoka la mnzako ndi chenjezo lako. Msilikali amene amayeserera kuvala chigoba nthawi ya mtendere walimvetsa phunziroli. Poizoni sasankha mtundu. Mapapo athu ndi amodzi.