Kodi Mwana wa Mmphaŵi Nayenso Adzafe Mmphaŵi?

Pali funso limene makolo ambiri amagona nalo usiku, ngakhale salitchula poyera: kodi ana athu adzakhala moyo woposa wathu, kapena adzalandira khasu lomweli, ngongole zomwezi ndi njala yomweyi ya mwezi wa February? Funso limeneli si la chuma chokha ai, ndi la chilungamo. Dziko limene mwana amabadwa tsogolo lake litatsekeka kale, chifukwa cha mudzi umene wabadwiramo ndi thumba la atate ake, lili ndi mlandu woti liyankhe. Kafukufuku wa boma wa m'zaka za 2019 ndi 2020 adapeza kuti pafupifupi theka la Amalaŵi linali pa umphaŵi, ndipo chiŵerengero chimenechi chinali chisanasunthe kwenikweni kuyambira mu 2004. Amene anali ana a amphaŵi nthaŵi imene ija, lero ambiri mwa iwo akulera ana ao mu umphaŵi womwewo.

Tikamva zotere, maso athu amathamangira ku Lilongwe, kwa nduna ndi ku Nyumba ya Malamulo. Koma boma limene mmphaŵi amakumana nalo tsiku ndi tsiku si limenelo, ndi khonsolo. M'dziko muno muli makhonsolo a maboma, a mizinda ndi a matauni. Mai wogulitsa tomato pa Lizulu kapena pa Jenda angathe kukalamba osaonanapo ndi nduna, koma tsiku lililonse la msika amaonana ndi wodula ziphaso. Mnyamata wa kabaza amalipira ku khonsolo, mwini kagolosale amagula laisensi ku khonsolo, ndipo mwana amene wasankhidwa kupita ku sekondale koma alibe fizi amakagogoda ku maofesi a khonsolo. Tsono ngati pali makwerero otulutsa munthu mu umphaŵi, phazi lake lili pamenepo.

Tinenetse poyamba kuti khonsolo singalemeretse munthu. Wokwera ndi mwini wake, ndi thukuta lake ndi nzeru zake. Ntchito ya khonsolo ndi kugwira makwererowo kuti asagwedezeke, ndiponso kuwonetsetsa kuti aimikidwa pakhomo pa aliyense, osati pa makomo a abale a akuluakulu okha.

Maganizo aŵa si achilendo. M'chaka cha 1931 Papa Pius XI adaphunzitsa kuti nkulakwa kulanda gulu laling'ono ntchito imene lingathe kuichita lokha ndi kuipereka kwa gulu lalikulu la kutali. Dziko lathu lidayesa kutsata njira yotereyi m'chaka cha 1998, pamene lidakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono pamodzi ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu. Sukulu za pulaimale, zipatala zazing'ono, ulangizi wa zaulimi, misika ndi miseu ya kumudzi zidayenera kuyendetsedwa ndi makhonsolo, ndipo boma lidalonjeza kumaŵapatsa magawo 5 pa 100 alionse a ndalama zimene dziko limatolera. Makhansala adasankhidwa mu 2000, koma nthaŵi yao itatha mu 2005, dziko lidakhala zaka 9 lopanda khansala ndi mmodzi yemwe, kufikira chisankho cha 2014. Zaka zonsezo ziphaso za pamsika zinkadulidwabe, koma wodula chiphaso analibe munthu womusankha yekha woti akamfunse kumene ndalama yake yapita.

Apa ndiye pagona udindo woyamba wa khonsolo: kubwezera kwa mmphaŵi ndalama imene yatenga kwa mmphaŵi. Chiphaso cha pamsika ndi msonkho wosayang'ana nkhope. Wogulitsa dengu limodzi la masamba amalipira asanagulitse ndi mpukutu umodzi womwe, apindule kapena aluze. Ndalama yotereyi ndi yolemera kuposa kuchuluka kwake, pakuti yachotsedwa pa ndiwo za ana. Ikabwerera ngati denga la pamsika, mpopi wa madzi, chimbudzi chaukhondo, nyale za usiku ndi mlonda, ndiye kuti wogulitsayo wagula chinthu: katundu wake saola ndi mvula, angathe kugulitsa mpaka madzulo, ndipo mpamba wake ukukula. Ikathera m'maalawansi a misonkhano ya kunyanja, ndiye kuti wosauka wadyetsa wokhuta. Chimenecho tisachipatse dzina lina. Ndi kuba, ngakhale kukhale ndi lisiti.

Chimodzimodzinso ndi mseu. Mlimi wa mbatatesi ku Tsangano angalime bwino chotani, koma mlatho wopita kumunda kwake ukakokoloka, mtengo wa mbeu zake amaunena ndi vendala mmodzi amene wakwanitsa kufikako. Mseu wa fumbi wopalidwa pa nthaŵi yake umabweretsa ogula ambiri, ndipo ogula akachuluka mlimi amayamba kukhala ndi mau pa mtengo. Kamlatho kamodzi kangathe kuika ndalama m'matumba a mabanja ambiri kuposa mphatso zonse za pamsonkhano wa ndale.

Udindo wachiŵiri ndi kuteteza zochepa zimene mmphaŵi wapeza kale, poti kukwera nkovuta koma kugwa nkwa tsiku limodzi. Banja limasonkhanitsa mpamba zaka zisanu m'banki mkhonde, kenaka moto wa pamsika kapena matenda nkuusesa wonse usiku umodzi, banjalo nkugwa m'manja mwa akatapila. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700, ndipo nthenda imeneyi imayenda ndi madzi oipa ndi zinyalala, zinthu zimene zili m'manja mwa makhonsolo. Malo nawonso ndi chuma chofunika kuchitchinjiriza. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 lidatsekula njira yoti banja lilembetse munda wake, ndipo lidalamula kuti m'makomiti oona za malo m'midzi mukhale amai. Mai wamasiye amene munda wake ndi wolembetsa amabzala mitengo ndi kumanga nyumba ya njerwa mosaopa kuti maŵa abale a malemu adzamthamangitsa. Munthu salimbika pa nthaka imene akudziŵa kuti angalandidwe.

Udindo wachitatu, umene uli waukulu koposa, ndi kutsekulira mwana khomo. Maphunziro aulere a pulaimale atayamba mu 1994, ana oposa miliyoni imodzi adaonjezereka m'sukulu zathu m'chaka chimodzi. Koma kuloŵa m'kalasi si kuphunzira. Mwana wophunzirira pansi pa mtengo, pakati pa anzake 100 ndi mphunzitsi mmodzi, sapikisana mofanana ndi mnzake wa m'tauni. Aphunzitsi amathaŵa sukulu za kutali chifukwa kulibe nyumba, choncho khonsolo yomanga nyumba ya mphunzitsi kumudzi yachitira ana a kumeneko chilungamo chachikulu. M'mera mpoyamba. Ndipo thandizo la fizi likamaperekedwa poyang'ana chipani cha atate kapena ubale ndi mfumu, mwana wanzeru wa mai wosadziŵika amabwerera kukagwira ganyu, dziko nkutaya namwino kapena mmisiri amene silidzamdziŵa nkomwe. Ngakhalenso ntchito zomanga za khonsolo zingathe kukhala sukulu: mmisiri wa m'dera momwemo akapatsidwa ntchito yomanga kalasi kapena kukhoma madesiki, ndalama imatsala m'mudzi ndipo anyamata amaphunzira luso.

Ena adzati, "Zonsezi nzabwino, koma makhonsolo alibe ndalama." Mau ameneŵa ali ndi choonadi. Khonsolo ya kumudzi imatolera zochepa, ndipo ndalama zochokera ku likulu kaŵirikaŵiri zimafika mochedwa ndiponso zopereŵera. Kupatsa munthu ntchito nkummana zida ndi kumtchera msampha, ndipo mlandu umenewo ndi wa boma lalikulu. Komabe kuchepa kwa ndalama sikukhululukira kusakhulupirika. Kulemba pa bolodi la pamsika ndalama zimene zatoleredwa mwezi uno ndi ntchito imene zagwira sikulira chuma. Kugaŵa malo a pamsika mosakondera sikulira chuma. Kupereka laisensi tsiku lomwelo, popanda kupempha ya fanta, sikulira chuma. Amene walephera kusamala tambala sitingamsungitse kwacha.

Nafenso eni dera tili ndi gawo lathu pa mlanduwu. Pa chisankho cha makhansala cha mu 2000, mwa anthu 100 alionse olembetsa, amene adakavota sadakwane 15. Nthaŵi zambiri khansala timamuyesa ndi bokosi la maliro limene wagula ndi galimoto imene wabwereketsa, osati ndi mlatho umene waumenyera nkhondo m'khonsolo. Chifundo cha pamaliro nchabwino, koma sichidatulutsepo banja mu umphaŵi. Ndipo mtsogoleri amene tamzoloŵeza kutigula ndi mphatso, ndalama zake adzazifuna m'thumba lomwelo la chitukuko. Chonsecho njira zolankhulira zilipo. M'midzi muli makomiti a chitukuko, kwa mfumu yaikulu kulinso komiti ya dera, misonkhano ya khonsolo ndi yololedwa kuti anthu wamba akamvere, ndipo kuyambira mu 2020 lamulo limatipatsa ufulu wopempha kuwona m'mene ndalama za boma zayendera. Walira mvula walira matope: tidapempha mphamvu ku anthu, tsono tisathaŵe ntchito yokhala pa misonkhano yotopetsa ndi kufunsa mafunso osakondweretsa.

Khonsolo tisaiyese ndi kukongola kwa maofesi ake kapena kuchuluka kwa magalimoto ake. Muyeso wake ndi uwu: kodi mwana wa wogulitsa makala m'dera lino ali ndi njira yoti adzafike pamene atate ake sadafike? Funso limeneli tikalifunse kwa khansala wathu, kwa bwanamkubwa ndi kwa mafumu, ndipo tisaleke kulifunsa chaka ndi chaka kufikira atatiyankha ndi ntchito zooneka.