Lidiya ndi Dema

Amayi anzanga, kodi Mkhristu amene amagwira ndalama tsiku ndi tsiku pamsika ndiye kuti wakonda dziko? Ambiri timasokoneza pamenepa.

Lidiya wa ku Tiyatira ankagulitsa nsalu zofiirira, zodula kwambiri, zimene ankavala anthu olemera. Atabatizidwa ku Filipi, sitimva kuti Paulo anamuuza kuti asiye malonda. Chimene timamva n'chakuti anatsegula nyumba yake nalandira atumiki a Ambuye (Machitidwe 16). Dema anali mnzake wa Paulo pantchito ya Uthenga Wabwino, koma anamusiya ali m'ndende napita ku Tesalonika chifukwa chokonda za m'dziko lino (2 Timoteo 4:10).

Tsono vuto silili m'nsalumo ayi. Kugula chitenje cha ukwati wa mwana wa mnzathu n'kwabwino, ndipo kuvina perekaniperekani si tchimo. Koma mayi akatenga katapila kuti asaoneke wotsalira, fizi ya mwana isanalipidwe, chimene chikumulamulira ndi maso a anthu. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri masowo ndi athu, ife amene timakhala naye benchi imodzi Lamulungu m'mawa.