Kodi mwini nthaka ndani?

Mlimi wa ku Karonga akamagalauza munda, nthawi zina khasu limatukula timiyala takuthwa, tosemedwa ndi dzanja la munthu. Ambiri amangotiponya kumalire. Komatu timiyalato ndi mipeni ya anthu amene ankasenda nyama chitsulo chisanadziwike. Pamudzi wa Mwanganda, komweko ku Karonga, J. Desmond Clark adafukula zida zotere mu 1965, zili pamodzi ndi mafupa a njovu.

Funso langa nali: tikamati "nthaka ya makolo athu", tikunena makolo ati? Mu 2017 akatswiri adalengeza zimene adapeza atayeza mafupa a alenje akale, ena a kuphiri la Hora ku Mzimba, a zaka pafupifupi 8,000. Magazi a anthu amenewo sakuoneka mwa Amalawi a lero amene adayezedwa. Nawo agogo ankasimba kuti Achewa pofika kuno adapeza Akafula. Ndiye kuti amene adatitsogolera pano alibe mdzukulu wowalira.

Ine ndikuonapo ngongole apa. Wakufa wopanda mbumba amadalira chilungamo cha amene adatsala pamalo pake. Ukatola kamwala kotero usakataye ayi. Sunga m'mutu pomwe kanali, ukauze a kunyumba yosungira zakale, chifukwa mwala wosadziwika kochokera sutha kuchitira umboni mwini wake.

Ngongole ina ndi ya pakamwa. Tisanatche mnzathu "wobwera" pamkangano wa munda, lilime liziyamba lalemera kaye. Abale anga, tonsefe tidakoleza moto paphulusa la ena.