Fupa lokakamiza limaswa mphika

"Fupa lokakamiza limaswa mphika," amatero akuluakulu. Wokwera hatchi ausunge mwambiwu, makamaka hatchi ikaima njii pachipata, osafuna kupita patsogolo. Chikwapu pamenepo n'choopsa: hatchi yopanikizidwa imatha kuimirira ndi miyendo yakumbuyo n'kumugwetsa.

Kawirikawiri kukana kumeneku si mwano ayi. Hatchi ndi nyama yokonda gulu, ndipo kusiya zinzake kukhola kumaichititsa mantha. Penanso chishalo chimakhala chikuipweteka msana, kapena mano ndi ziboda zili ndi vuto. Yambani mwaona zimenezi.

Zimandimvetsa chisoni kuona wokwera akuigunda ndi zidendene uku akukoka zingwe. Nanga imvere ziti? Khwefulani zingwe, itembenuzeni mozungulira, ndipo ikangoponya mwendo patsogolo lekani kuipanikiza pomwepo. Zikakanika, muitulutse pamodzi ndi hatchi ina yofatsa kuti iziitsogolera.